Madikishonale olankhula a m'manja aja, abwino alipo koma muzisankha ndi khutu

Ukangotchula za dikishonale yolankhula ya m'manja anthu ambiri yankho lawo ndi limodzi, eti foni ilipo kale nde kamakina kena kachani. Funsolo ndi lomveka ndipo ndilifika, koma tiyambe tagwirizana kaye kuti pansi pa dzina limodzili pali zinthu ziwiri zosiyana kutalitali, ndipo ambiri amene amanyoza timakinati anangogwirapo ka mtundu woipawo basi, kabwinoko sanakamvepo kakulankhula.

Kwa amene sanakaonepo, ndi kamakina kokwana m'thumba la malaya, tambiri timatsegulidwa ngati kalaputopu, pansi mabatani a zilembo monga amakhalira pa kompyuta, pamwamba kasikirini, pambali kasipika ndi kabowo kolowetsa mahedifoni. Ulemba liwu kakupatsa tanthauzo, udina batani lina kakutchulira liwulo mokweza. Sikafuna intaneti, sikafuna simu, mabatire awiri a AAA kapena AA basi kayamba ntchito. Ndipo si zachilendo ayi, zinayamba kale. Mu 1978 kampani ya Texas Instruments inatulutsa Speak & Spell, kachipangizo kophunzitsira ana sipelo kamene kankalankhula ndi mawu opangidwa ndi kachipu ka mkati. Chaka chotsatira, 1979, Sharp ku Japan inatulutsa IQ-3000, dikishonale ya Chingerezi ndi Chijapani ya mawu masauzande ochepa chabe, yosalankhula. Ku America kunali Franklin, kampani imene poyamba inkapanga makompyuta otengera Apple II mpaka inaluza mlandu kukhoti mu 1983, kenako inatembenukira ku timakina ta mawu ndipo mu 1986 inatulutsa Spelling Ace. Pambuyo pake kunabwera Casio ndi EX-word yake kuyambira 1996, Canon ndi Wordtank, Sharp ndi Brain, Besta ya ku Taiwan, Ectaco ya ku New York ndi ena.

Tsono nkhani yaikulu kwa ine ndi mawuwo, chifukwa ndi chimene munthu umagulira kolankhula m'malo mongogula buku. Pali njira ziwiri zimene timakinati timalankhulira ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu zedi. Njira yoyamba ndi ya mawu opanga, makina amatenga liwu n'kuliphwanya m'timaphokoso, kenako n'kumalumikiza timaphokosoto kuti timveke ngati munthu. Ubwino wake ndi woti kakhoza kuwerenga chilichonse, ngakhale tanthauzo lonse ndi ziganizo zomwe, komanso sizidya malo ambiri mu memole, n'chifukwa chake timakina takale tambiri tinkadalira njira imeneyi. Kuipa kwake mawu amatuluka ouma ngati akuchokera m'chitini, kukweza ndi kutsitsa kwa liwu kumakhala kosakhala bwino, ndipo ngati liwulo sunalimvepo pakamwa pa munthu ukhoza kulidina kangapo osagwira chenicheni chimene kakunena. Njira yachiwiri ndi ya mawu ojambulidwa, anakhazika munthu weniweni mu situdiyo n'kuwerenga mawu masauzande ambirimbiri limodzilimodzi, ndiye ukadina batani ukumva munthuyo. Casio njira imeneyi amaitcha True Voice. Apa ndiye pali phindu lenileni abale, chifukwa ukumva pamene liwu lagogomezedwa, ukumva kutalika kwa mavawelo, ukumva chilembo chimene chamezedwa.

Timakina tambiri tabwino timaphatikiza ziwirizi, mawu akuluakulu a m'dikishonale ndi ojambulidwa koma ziganizo zachitsanzo zimawerengedwa ndi makina. Pabokosi pamangolembedwa kuti kolankhula, sakuuzani kuti kamalankhula motani, nde ntchito ndi yanu kufunsa kapena kuyesa.

Ndipo kuyesa kwake n'kosavuta. Chingerezi chili ndi mawu ena amene kalembedwe ndi katchulidwe sizigwirizana n'komwe, amenewo ndi amene amaulula kamakina. Lembani colonel mumve ngati kakunena bwino, lembani Wednesday, receipt, debt, island, onsewa ali ndi zilembo zosatchulidwa. Kenako lembani though, through, tough ndi cough motsatizana, onse ali ndi zilembo zinayi zofanana kumapeto koma amatchulidwa mosiyana onse. Kamakina kabwino sikapunthwa apa. Mayeso ovuta kwambiri ndi a mawu amene amalembedwa chimodzimodzi koma katchulidwe kamasintha malinga ndi ntchito yake, monga record, likakhala dzina umagogomeza koyamba, likakhala mneni umagogomeza kumapeto, chimodzimodzi present ndi object, kapena read ya lero ndi read ya dzulo, kapena wind ya mphepo ndi wind yopukusa wotchi. Kabwino kamakhala ndi mawu awiri osiyana, lililonse pa tanthauzo lake. Kosalongosoka kamangotchula njira imodzi pa zonse, ndipo apa ndi pamene pamandipweteka kwambiri chifukwa wophunzira sadziwa kuti akunamizidwa, iye akhulupirira makina, akaloweza katchulidwe kolakwika n'kukayankhula choncho pamaso pa anthu, ndipo kuchotsa cholakwika chimene waloweza n'kovuta kuposa kuphunzira chatsopano.

Wina anganene kuti nanga si m'buku la dikishonale amalembamo kale katchulidwe. Zoona amalembamo, ndi zizindikiro zija za IPA, zilembo zapadera zoimira maphokoso a mawu, zokhala pakati pa timizere tiwiri, koma tinene chilungamo ndi angati amene amatha kuziwerenga? Ambiri timangozidumpha. Chingerezi cha ku Britain chili ndi mavawelo pafupifupi 20 ukawerengera ndi ophatikiza omwe, pamene zilankhulo ngati Chichewa, Chijapani ndi Chisipanishi zili ndi asanu basi, ndiye kwa munthu wokulira m'chilankhulo cha mavawelo asanu ship ndi sheep zimamveka chimodzimodzi, full ndi fool chimodzimodzi, cut ndi cat ndi cart zimangosakanikira. Palibe chizindikiro cha papepala chimene chingakuphunzitse khutu kusiyanitsa zimenezi, pamafunika kumva mobwerezabwereza, kudina ship, kudina sheep, kubwereranso, mpaka tsiku lina khutu limatseguka lokha. Munthu ukamufunsa kuti abwereze liwu kachisanu amatopa nawe ndipo iwenso manyazi amakugwira, kamakina sikatopa ndipo palibe amene akukuyang'ana.

Chenjezo limodzi, kasipika ka timakinati n'kakang'ono kwambiri ndipo kamameza maphokoso opyapyala aja a s, f ndi th, moti think ndi sink zikhoza kumveka zofanana ngakhale kujambula kwake kunali kwabwino. Valani mahedifoni, kusiyana kwake mudabwa. Kamakina kopanda kabowo ka mahedifoni ine sindingakalimbikitse kwa wina aliyense. Muonenso kuti kakulankhula Chingerezi cha kuti, chifukwa a Franklin ambiri anali ndi madikishonale a Merriam-Webster ndi katchulidwe ka ku America, pamene okhala ndi Oxford kapena Longman nthawi zambiri amatsata ka ku Britain kapena amapereka zonse ziwiri. Lembani schedule kapena tomato mudziwa pompo. Palibe cholakwika pa ziwirizi, kungoti uzidziwa chimene ukuphunzira kuti usamasakanize mosadziwa.

Mawu akakhala bho, chachiwiri ndi chimene chili mkatimo. Kamakina kenikeniko ndi chikho chabe, funso ndi loti mwathiridwa chani. Makampani odalirika sankalemba okha madikishonale, ankagula chilolezo kwa osindikiza odziwika n'kulowetsa buku lonse mmene lilili, ndipo dzina la bukulo amalilemba poonekera pabokosi chifukwa ndi chimene akunyadira. Ngati pabokosi palibe dzina la dikishonale iliyonse yodziwika, angolemba manambala akuluakulu, mawu mamiliyoni akuti, zilankhulo khumi ndi zingapo, dziwani kuti pali chimene akubisa. Manambala amenewo amawakweza powerengera liwu limodzi kangapo, go payokha, goes payokha, going, went, gone, kenako n'kuchulukitsa ndi chiwerengero cha zilankhulo.

Ndinagwirapo kena ka mtundu umenewu, kopanda dzina lodziwika, kooneka bwino ndithu kunja, kasiliva kowala, kolonjeza zilankhulo zambirimbiri. Ndinalemba run, liwu limene m'dikishonale yeniyeni limadzaza tsamba lonse, kuthamanga, kuyendetsa bizinesi, kuyenda kwa madzi, kuima nawo pa chisankho, kutha kwa zinthu ndi zina zambiri. Kamakina kaja kanangondipatsa liwu limodzi pa chilankhulo chilichonse, popanda chiganizo chachitsanzo, popanda kunena kuti ndi mneni kapena dzina, popanda ran. Nditalemba run out kanati palibe. Mkati munadzaza kakyuleta, alamu, wotchi ya mayiko osiyanasiyana, kosungira manambala a foni ndi timasewera, zonse zilipo kupatula chinthu chimene munthu unagulira. Tamtundu umenewu mwina tingathandize woyenda ulendo wofuna kufunsa kumene kuli siteshoni, koma si dikishonale, ndi kandandanda ka mawu kovekedwa mabatani.

Pa madikishonale enieniwo palinso kusankha. Merriam-Webster's Collegiate ndi buku lalikulu lolemekezeka, koma linalembedwera anthu amene Chingerezi ndi chawo chobadwa nacho, nde tanthauzo lake nthawi zina limakhala ndi mawu ovuta kuposa limene umafunalo. Wophunzira amafunika dikishonale yolembedwera ophunzira, monga Oxford Advanced Learner's Dictionary imene inayamba ndi ntchito ya A. S. Hornby, mphunzitsi amene anaphunzitsa Chingerezi ku Japan, ndipo Oxford inaisindikiza mu 1948, kapena Longman Dictionary of Contemporary English ya mu 1978 imene matanthauzo ake onse amalembedwa ndi mawu osavuta pafupifupi 2,000 okha. Mabuku amenewa samangokuuza tanthauzo, amakuonetsa mmene liwu limakhalira m'chiganizo, limayenda ndi mawu ati, kuti timati depend on osati depend of, kuti advice sulionjezera s. Zimenezi ndi zimene zimamusandutsa munthu kuchoka pongodziwa mawu kufika potha kulemba kalata yomveka. Kamakina kokhala ndi buku lotere kuphatikizapo mawu ojambulidwa, kameneko ndiye ndimakaikira kumbuyo ndi mtima wonse. Muyembekezerenso kuti zilankhulo zimene zimapezeka m'timakinati ndi zija za misika ikuluikulu, Chingerezi, Chisipanishi, Chifalansa, Chijeremani, Chijapani, Chitchaina, Chikoreya, ndiye kwa olankhula zilankhulo zina zambiri njira ndi ya Chingerezi chofotokozedwa m'Chingerezi chomwe, n'chifukwa chake dikishonale ya ophunzira ili yofunika chonchi.

Pali chinthu china chimene Franklin anachichita bwino kwambiri ndipo sichiyamikiridwa mokwanira. Vuto la dikishonale ya buku ndi loti kuti upeze liwu uyenera kudziwa kale sipelo yake, nanga ukangolimva pa wailesi kapena m'kalasi ulipeza bwanji? Munthu wamva liwu loyamba ndi phokoso la n, afufuza pa N mpaka kutopa, chonsecho liwulo likuyamba ndi k kapena p. Timakina ta Franklin timalola kuti ulembe mmene wamvera, ukalemba nolij kamakubweretsera knowledge, ndipo ukalidina n'kulimva umatsimikiza kuti eya ndi lomweli. Kwa ana ndi akulu omwe amene ali ndi vuto la dyslexia, amene zilembo zimawasokonekera powerenga ndi polemba, chinthu chimenechi ndi chachikulu, chimawachotsera mantha olemba. Analinso ndi batani lochenjeza za mawu osokoneza monga their, there ndi they're. Ndipo panali mtundu wina wa Speaking Language Master wopangidwira anthu osaona kapena oona movutikira, umene unkatchula batani lililonse ukalidina n'kuwerenga tanthauzo lonse mokweza, apa mawu opanga aja ngakhale ali ouma amagwira ntchito imene mawu ojambulidwa sangaikwanitse.

Timakina ta ku Japan nato tili ndi zake zokoma. Pali batani lodumphira, ukuwerenga tanthauzo wakumana ndi liwu lina lachilendo, ungolisankha pomwepo n'kudumphira ku tanthauzo lake, ukamaliza ubwerera pamene unali osalembanso chilichonse. Kamasunga mawu onse amene wafufuza posachedwa, nde madzulo ukhoza kubwereramo n'kuona amene aiwalika kale, ndipo ukaona liwu limodzi likubwerabwera m'ndandandamo umadziwa kuti limeneli ndiye lofunika kuligwirira ntchito. Tambiri tili ndi kamalo kolembapo ndi kacholembera, zimene kwa ophunzira Chijapani kapena Chitchaina n'zofunika kwambiri popeza chilembo chimene sukuchidziwa katchulidwe sungachilembe ndi mabatani, umangochijambula.

Tibwere ku foni tsopano. Sindikana, foni ili ndi madikishonale abwino, ambiri aulere, mawu ake omveka bwino, ndipo amawonjezeredwa mawu atsopano nthawi zonse. Kamakina ka m'manja kamaima pa chaka chimene kanapangidwa, mukalemba selfie m'kamakina ka m'ma 2005 simulipeza chifukwa liwuli linatchuka pambuyo pake, Oxford inalisankha kukhala liwu la chaka mu 2013. Pa mfundo imeneyi foni yapambana ndipo palibe chotsutsa. Msika nawo ukuonetsa zomwezo, ku Japan kumene timakinati tinali m'zikwama za ana ambiri a sekondale, malonda anafika pachimake mu 2007 ndi timakina pafupifupi 2.8 miliyoni pa chaka, kuchokera apo akhala akutsika kwambiri. Seiko Instruments inasiya bizinesiyi mu 2015, ndipo Casio inalengeza mu 2025 kuti yasiya kupanga mitundu yatsopano.

Koma pali chimene foni singakupatse. Munthu ukuwerenga buku, wakumana ndi liwu lovuta, watenga foni kuti ulifufuze, usanafike n'komwe ku dikishonale waona uthenga wa WhatsApp, wayankha, waona wina, kenako Facebook, ukamadzakumbukira bukulo nthawi yapita ndipo liwu lija waliiwala. Aliyense akudziwa zimenezi. Kamakina kaja sikadziwa china chilichonse koma mawu, ukatsegula chivindikiro kayaka pompo, ulemba, uwerenga, umva, utseka, maso abwerera pa tsamba lomwe unali, maganizo sanaduke. Palibe zotsatsa malonda, palibe kudikira netiweki, palibe kukufunsa kuti ulembetse. Kwa kholo lofuna kuti mwana akhale ndi chomuthandiza powerenga popanda kumupatsa intaneti yonse m'manja, kapena pa sukulu zimene foni n'zoletsedwa, ine ndikuona kuti palibe china chofanana nako. Mabatire nawo amakhala masabata ambiri makamaka pa timakina ta sikirini yakuda ndi yoyera, ngakhale kulankhulako kumawadya msanga kuposa kungowerenga, ta sikirini yoonetsa mitundu timadya kwambiri.

Kulimba kwake n'kwabwino pa tamakampani odziwika, tambiri takale tikugwirabe ntchito mpaka pano. Pofooka ndi pa hinji, pamene chivindikiro chimapindikira, chifukwa mkati mwake mumadutsa kachingwe kopyapyala kopita ku sikirini ndipo kakayamba kutha mumaoneka mizere kapena zilembo zina zimasowa theka. Sikirini ya timakina takale kwambiri imaonetsa mizere itatu kapena inayi yokha, nde tanthauzo lalitali umangotsitsa, kutsitsa, mpaka kuiwala pamene unayambira, ndipo yopanda nyali ya kumbuyo madzulo siwerengeka. Mabatani a labala ofewa aja amatopetsa ndipo zilembo zake zimafufutika, olimba a pulasitiki ndi abwino.

Popeza tatsopano tikuchepa, ambiri mupeza togwiritsidwa kale ntchito, ndipo palibe vuto bola muyese musanalipire. Tsegulani kachitseko ka mabatire muone ngati mulibe zoyerayera kapena zobiriwira pa tizitsulo, chimenecho ndi chizindikiro choti mabatire anatayikiramo ndipo kamakina kotero kamazima kokha nthawi iliyonse. Dinani batani lililonse kuyambira A mpaka Z. Tsegulani ndi kutseka chivindikiro pang'onopang'ono kali koyaka muone ngati sikirini ikuphethira. Lowetsani mahedifoni anu mumve mbali zonse. Ngati n'kochokera ku Japan, Korea kapena Taiwan kumbukirani kuti kanapangidwira anthu a kumeneko, mabatani ndi menyu zikhoza kukhala m'chilankhulo chawo, ndiye onetsetsani kuti mukutha kufika pa dikishonale ya Chingerezi chokhachokha popanda kusochera, nthawi zambiri imakhala ndi batani lakelake pamzere wa pamwamba ndipo mukangolidziwa limenelo zina zonse sizivutanso. Mukafika nako kunyumba, ngati mukukasunga kwa miyezi osakagwiritsa ntchito muzichotsamo mabatire.